Pokhotera pa a Hamidu

Sofiya anafika ku Nkhotakota ndi chikwama chodzaza mapepala a buku lonena za malemu bambo ake, mtima uli wotupa. Amene anamutupitsa mtima anali Zangaphee, mnzake wa ku Lilongwe yemwe amamuwerengera zolemba zake zisanapite kwa osindikiza. Munthu ameneyu pakamwa pake palibe chisoni. Atamaliza kuwerenga ananena kuti bukulo likumveka ngati mawu a pamaliro, ndipo tauni imene ili m'menemo ilibe fumbi ngakhale pang'ono. Anafunsanso ngati a Hamidu, bambo akewo, ankaponda pansi, kapena ankangouluka kuchoka kunyumba n'kukatera pa makina awo osokera.

Zinamuwawa chifukwa zinali zoona. Buku lonselo analilemba atakhala pampando ku Lilongwe, kwawo osapondako. Chiganizo chimene ankachinyadira kwambiri chinali chakumapeto, chonena kuti bambo ake anali munthu wowongoka m'zonse ndipo anamwalira opanda chakukhosi ndi munthu aliyense. Tsopano anatsimikiza mtima kuti pa sabata yake yatchuthi aziyenda m'mawa uliwonse njira imene bambo ake ankayenda popita kuntchito, kuchoka kunyumba mpaka pakhonde la sitolo kumsika pamene ankasokera. Sabwerera ku Lilongwe asanalipeze fumbi limenelo.

Tsiku loyamba anayenda monga ankayendera ali mwana, pamene ankawanyamulira bambo ake botolo la tiyi. Anadutsa pamzikiti, natsetsereka mpaka pa mtengo waukulu wa mango pamene a kabaza amaimika njinga zawo. Pamenepo anakhotera kumanzere, kuseri kwa chigayo, n'kulowa mumchenga umene umameza nsapato. Anadutsa pamene amayi amayanika chinangwa choviika, fungo lake lomwe lija losaiwalika, kenako anakwera kamtunda n'kutulukira kumsika chakumbuyo, kumene amagulitsa makala. Ankaima pafupipafupi n'kumalemba m'kope. Analemba za mbuzi yomwe inkadya chikwangwani cha msonkhano, za mayi wina amene anamuzindikira n'kumudzudzula kuti wanenepa koma moni wake waonda. Mawu ankabwera okha, ndipo anakondwa.

Atafika pakhonde la sitolo lija, pomwe tsopano pali munthu wokonza mafoni, anayang'ana mapu pafoni yake kuti aone kutalika kwa ulendowo. Mzere wa pomwe wayenda unali wopindika ngati mbedza. Pamapu pomwepo panali kanjira kena kowongoka, kochoka pa mtengo wa mango uja n'kulunjika kumsika. Iye anatenga mphindi makumi anayi pa ulendo wa mphindi khumi.

Mwana akamatsata bambo ake safunsa za njira. Kumene apita akuluwo ndiye njira, basi. Koma a Hamidu anali otsimphina. Mwendo wawo wakumanja unathyoka ali mnyamata ndipo sunalunzike bwino, moti madzulo aliwonse ankausisita ndi mafuta akubuula. Nanga munthu wotere n'kulambalala njira yolimba n'kukasankha mchenga, chifukwa chiyani?

Tsiku lachiwiri anayendanso momwemo, koma mwapang'onopang'ono, akukoka mwendo umodzi monga ankachitira bambo ake. A kabaza anamuyang'ana n'kufunsana ngati alongo a ku Lilongwewa aponda msomali. Iye sanawasamale. Pofika kuseri kwa chigayo thukuta linali litanyowetsa mpango wake, chiuno chikuwawa. Uku n'kupita kokha, tsiku limodzi lokha. Bambo ake anachita zimenezi kawiri patsiku kwa zaka zambiri, mvula ndi dzuwa. Anakhala pachitsa ndipo kwa nthawi yoyamba anachita mantha ndi buku lake, chifukwa anazindikira kuti munthu amene wamulembamo sakumudziwa.

Masana anawafunsa mayi ake, a Maimuna, amene ankasankha mpunga pakhonde. Iwo osadzutsa mutu anayankha kuti abambo ake ankakonda kamphepo ka kunyanja. Ha, kamphepo kuseri kwa chigayo! Kumeneko kuli utsi wa dizilo ndi fumbi la gaga lokhalokha, nyanja ili kwina. Sofiya anawauza zimenezo, ndipo anakhala pomwepo osasuntha mpaka mpunga unatha m'lichero.

"Za anthu omwalira zisiye, mwanangu. Lemba kuti anali munthu wabwino. Sunama."

"Anali wabwino, Amayi, koma ankakhota. Ndikufuna ndidziwe chimene ankachithawa."

A Maimuna anausa moyo. Ananena kuti m'kanjira kowongokako mumakhala a Hassani, mng'ono wawo wa a Hamidu. Dzina limeneli silinkatchulidwa pakhomo pawo. Sofiya anakula akudziwa kuti kuli bambo aang'ono kwinakwake, koma ankangoganiza kuti ali ku Chia kolima mpunga, ndipo atachoka kupita kusekondale sanafunsenso. Chimene chinawadanitsa awiriwo mayi ake anakana kwamtuwagalu kunena. Anati analonjeza amuna awo kuti sadzakamba, ndipo mwini lonjezoyo anapita osawamasula.

Tsiku lachitatu anadzuka atatsimikiza kuti alowa m'kanjirako. Anadutsa pamzikiti akukonza mawu oti akanene, koma atadzidzimuka anapeza ali kale kuseri kwa chigayo. Mapazi anakhota okha, mwini wake osadziwa. Anapsa mtima kwambiri. Chidani chimene sankachidziwa n'komwe chinali chitamulowa m'miyendo, ndipo akanakhala ndi mwana bwenzi naye akumudutsitsa mumchenga momwemo. Anatembenuka, nabwerera pa mtengo wa mango, n'kuponda m'kanjira kaja.

Kanalibe choopsa chilichonse. Mipanda ya udzu, mjigo, nkhuku, mayi wogulitsa zitumbuwa amene anamulozera nyumba ya chitseko chobiriwira. Pakhonde panali bambo wokalamba atavala kanzu yoyera, mkanjo wautali wa Asilamu, ndodo ili pamiyendo. Mpando wake sunayang'ane kumsewu monga amakhalira anthu onse, unayang'ana chammbali, kumtunda. Sofiya atatembenuka kuti aone chimene mpandowo ukuyang'ana, anaona mtengo wa mango uja bwinobwino, ndi pokhotera pake. Atayang'ananso mkuluyo anaona chipumi cha bambo ake, ndi makutu awo.

Anapereka salamu, nagwada pansi pa khondelo. Asananene dzina lake, mkuluyo anamudula.

"Ndiwe Sofiya. Dzana ndi dzulo ndinakuona ukukhota. Lero wakhotanso, ndiye ndinati basi, achimwene anasiya wolowa m'malo."

Anamukhazika pamkeka. Sofiya sanazungulire, ananena za bukulo ndi chimene wabwerera. A Hassani anayamba kufotokoza ngati munthu amene nkhaniyo wakhala akuibwereza yekha mumtima mpaka yasalala.

Munali m'mwezi wa Okutobala, chaka cha 1994, dzuwa likuswa mtengo. Mayi wa awiriwo anamwalira m'bandakucha, a Hamidu ali ku Dwangwa kumene anakapereka mayunifolomu amene anasoka. Uthenga unapita ndi woyendetsa lole, ndipo unafika. Koma galimoto imene a Hamidu anakwera pobwerera inafera panjira chakufupi ndi mtsinje wa Bua, ndipo mbali ina anayenda wapansi ndi mwendo wawo womwe uja. Monga mwa Chisilamu maliro sagona, amaikidwa tsiku lomwelo. A Hamidu anafika manda atakwiriridwa kale, anthu akusamba m'manja. Anamuyang'ana mng'ono wawo n'kutembenuka, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanapondenso m'kanjirako, mmene munali nyumba ya mayi awo.

Sofiya anafunsa chifukwa chake iwo sanawatsatire, pamtunda wa mphindi khumi zokha. Anati anapitako kamodzi, kumsika. A Hamidu atawaona akubwera anadzuka pa makina n'kuchoka, nsalu ya munthu ili pansi pa singano. A Hassani anachita manyazi pamaso pa anthu, manyaziwo anasanduka liuma, ndipo zaka zinayamba kudutsa. Anati nawonso ndi ouma mutu, poti anayamwa bere limodzi. Chimene anatha kuchita n'kungotembenuza mpando. M'mawa uliwonse ankawaona achimwene awo akufika pa mtengo wa mango, kuima pang'ono ngati akupumitsa mwendo, n'kukhota. Anaona zimenezo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, mpaka tsiku limene sanafikenso.

Sofiya anamva chisoni, anamvanso mkwiyo pa bambo ake, chinthu chimene anali asanachimvepo chimwalirireni iwo. Anatulutsa tsamba lomaliza la buku lake n'kuwawerengera chiganizo chija, chakuti anamwalira opanda chakukhosi ndi munthu aliyense. A Hassani anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. Sofiya anatenga cholembera n'kukhwatcha chiganizocho pamaso pawo. Ankadziwa kuti mayi ake zidzawapweteka, ndipo anthu amene ankawalemekeza a Hamidu adzamunena kuti wavula bambo ake. Komabe anachikhwatcha kawiri. Kenako anapempha chilolezo choti alembe zimene wamvazo.

"Lemba zonse. Za liuma langa lembanso. Koma pali chimodzi chimene usachisiye." Anagwiritsitsa ndodo yawo. "Tsiku la maliro lija ndinamudikira mkulu wanga. Ashehe anati tiike ikangotha swala, pemphero la masana lija, ine ndinakana. Ndinaima pakhomo paja kutsekereza jeneza yonyamulira maliro kuti isatuluke, akuluakulu akundikalipira, mpaka dzuwa linapendeka, swala ya alasiri, ya chakumadzulo, inatha. Kutentha kuja thupi la amayi silikanapirira kuposa pamenepo. Ndinamudikira mpaka pomwe ndikanathera. Iye sanandilole kuti ndimuuze mawu amenewa."

Sofiya anaika kope pabondo n'kulemba mawuwo mmene anatulukira, osawakongoletsa. Atamaliza, a Hassani anamupempha kuti awerenge mokweza. Anati mawu ake akufanana ndi a achimwene awo, makamaka akamatsitsa kumapeto. Iye anawerenga, mkuluyo atatsinzina, mutu utaweramira pa ndodo. Atafika pamapeto, mkuluyo anadzutsa mutu.

"Bwerezanso, mwanangu," anatero a Hassani. "Pang'onopang'ono, kuti achimwene amve."