Kanema wa Priska

Priska wa kwa Tengani anakhoza Fomu 4, koma zaka zitatu zinatha akungolima mapira ndi mayi ake. Tsiku lina anapeza pafoni tsamba la anthu opezera anzawo ntchito, ndipo analipira kuti alembetse. Lolemba lililonse ankamutumizira uthenga womutchula dzina, woti watsala pang'ono kuitanidwa.

Atatopa n'kunena kuti akusiya, mayi wina wa patsambalo anamuimbira mwaulemu. Anati akangojambula kanema wonena kuti wayamba ntchito pahotela ku Blantyre, dzina lake aliika patsogolo.

"Si bodza ayi, achemwali. Mukungonena zimene zichitike posachedwa."

Priska anabwereka jekete, naima pakhoma lopaka laimu n'kulankhula akumwetulira. Sanaganize kuti kanemayo azungulira mpaka kwawo.

Patatha mwezi, akuingitsa mbalame m'munda, anangoona mayi Clotilda a ku Makhanga, anzawo a mayi ake, ataima pamzere. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ake amatope.

"Mwananga, hotela ija ndi ino?"

Iwo anali atagulitsa mbuzi kuti mwana wawo Paison alembetse, chifukwa nkhope ya m'kanemayo ankaidziwa kuyambira mwini wake ali kumsana. Priska anasowa poyang'ana. Masiku atatu sanapite kumjigo.

Kenako anakaulula zonse kwa a Gideon, aphunzitsi ake akale. Sanamukalipire. Anamufotokozera kuti wolemba ntchito weniweni salipiritsa munthu, ndipo anthu otere amakola atsopano ndi nkhope zodziwika, akale n'kumawasunga ndi malonjezo.

"Iwenso anakunamiza," anatero, "koma amene anakhulupirira iwe ayenera kumva zoona kuchokera pakamwa pako."

Lamlungu kutchalitchi mapemphero atatha, Priska anapempha mwayi wolankhula.

"Kanema uja ndi wabodza. Ku Blantyre sindinapondeko. Mundikhululukire."

Mayi ake anaphimba nkhope ndi chitenje. Priska akufuna kukhala pansi, mtsikana wina wa kwaya anaimirira kumbuyo, maso ali pansi.

"Inenso anandiuza kuti ndijambule wanga mawa."

Phunziro: Musalipire kuti mupeze ntchito, ndipo musachitire umboni zimene sizinakuchitikireni. Amene angakhulupirire msanga nkhope yanu ndi abale anu omwe.