Yandikirani Pang'ono

"Yandikirani, bambo," ndinatero ndikugogoda chithunzicho ndi chala. "Munthu wanuyu akuoneka ngati nyerere pamkeka. Ndiye taonani mtengo wa magetsiwu, ukuchita kumera pamutu pake."

Anzake anaseka, koma iye ayi. Anangogwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali pakamwa panga.

Loweruka lililonse masana ndinkaphunzitsa kujambula zithunzi m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsapato. Maukwati ndinali nditawajambula mpaka maondo kukana. Ophunzira anga ankanditcha a Chadodolido, chifukwa chithunzi chilichonse ndinkachiweruza nditachizondotsa, mutu pansi miyendo m'mwamba. Nkhope imanyenga. Ukaona mwana akumwetulira umaiwala kuti chithunzi chapendekeka. Koma ukachizondotsa munthu amachokamo, n'kutsala mizere, kuwala ndi mthunzi basi. Nzeru imeneyi ndinkainyadira kwambiri.

Bamboyu anali wokonza mawotchi, munthu wa mawu ochepa ndi ulemu wochita kukuchititsa manyazi. Ankafika woyamba, kundilandira jekete n'kukaikoloweka kuseri kwa chitseko. Zithunzi zake zinali zopanda mitundu, zakuda ndi zoyera, ndipo zonse zinali za mkazi mmodzi atafulatira.

"Kodi amenewa ndi akunyumba?" anafunsa mayi wina wokonda kujambula maluwa.

"Ayi," iye anayankha. "Ndi wodutsa."

Kunyumba tinkakhala awiri, ine ndi mwana wanga wamkazi, chimwalirireni mayi ake. Anali namwino, wogwira ntchito usiku n'kumagona usana. Tsiku lina m'mawa anabwera osavula ndi nsapato zomwe, nakhala pampando chikwama chili pamiyendo.

"Ababa, pali munthu akunditsatira."

"Wamuona?"

"Ayi. Koma ndikatsika basi msana umandiyabwa. Lero ndamva kaphokoso kumbuyo kwanga, kuti tcha! Kucheuka, palibe munthu."

"Ndi tulo timeneto, mayi," ndinamuseka. "Kapena ndi mkamwini wanga, akuopa kubwera kudzaonekera. Umuuze kuti sindiluma, mano anatha."

Sanaseke. Ine ndinaganiza kuti watopa, ndipo ndinamuthirira tiyi.

Wokonza mawotchi uja anali wophunzira amene mphunzitsi aliyense amalota. Chimene wamuuza lero, sabata yamawa chachitika. Mtengo wa magetsi uja unachoka. Mkaziyo anakula, kuchoka pa nyerere kufika pa chala, kenako pa chikhatho. Ndinamuuza kuti asamaike munthu pakati penipeni ngati chithunzi cha pachiphaso, ndipo anamusunthira pambali. Ndinamuuza kuti dzuwa la pamutu limakumba maenje m'maso, asake kuwala kofewa, makamaka kolowera pawindo.

"Nanga munthuyo akamacheuka?" anafunsa.

"Mudikireni aiwale kuti mulipo. Chithunzi chabwino chimafuna kuleza mtima. Komanso musamajambule muli chilili ngati wapolisi. Tsikani, diso la kamera lilingane ndi maso a munthuyo."

"Zikomo, aphunzitsi," anatero. "Kudikira sikundivuta."

Masiku omwewo makiyi anga a kunyumba anasowa. Ndinasaka paliponse, mwana wanga n'kumandinyoza kuti ukalamba wafika ndi katundu wake yense. Loweruka lotsatira ndinawapeza m'thumba la jekete, momwe ndinali nditapisamo dzanja kangapo. Ndinavomereza kuti ndakalambadi. Mwana wanga nkhani ya womutsatira anasiya kuinena, koma anayamba kutseka makatani masana ndi kugona wailesi ikulira. Anaonda. Mtima unkandiwawa kumuona choncho, koma ndinkati ndi ntchito.

Loweruka lomaliza kunali mitambo, m'chipinda muli kamdima kozizira. Bamboyo anabweretsa chithunzi chimodzi chokha. Anachiika patebulo atachizondotsa kale, mmene ndinkafunira.

Ndinachiyang'anitsitsa. Kuwala kunkalowa chammbali, kupyola m'kampata ka katani, n'kutsetsereka pa chinthu chozungulira ngati madzi pamwala. Panalibe chosokoneza, panalibe chopendekeka. Ine amene ndinajambula akwati osawerengeka sindinatolepo chotere, ndipo kansanje kanandigwira.

"Bwerani muone nonse," ndinaitana. Anaunjikana kumbuyo kwanga, onse akuonera mbali yanga monga ndinawazoloweza. "Uku ndiye kujambula. Palibe choti ndichotsepo."

"Aphunzitsi," iye anatero motsitsa mawu, "kodi n'zotheka kuyandikira kuposa apa?"

"Malo amakhalapo nthawi zonse," ndinayankha monyadira.

Anathokoza, nati ali ndi kasitomala akumudikira, chithunzicho ndisunge ndine. Ndinamva mapazi ake akutsika masitepe, osathamanga. Pakati pa masitepe anaima, n'kupereka moni kwa wina mwaulemu, kenako anapitirira.

Amene analowa anali mwana wanga, atanyamula ambulera yanga.

"Mwaiwalanso, ababa. Kunjaku kukubwera chimvula," anatero. "Bambo ndakumana nawo pamasitepewa ndi ndani? Andipatsa moni ngati amandidziwa. Akuti, mwadzuka msanga lero."

Anafika patebulo, naima mbali inayo, moyang'anizana nane. Anayang'ana pansi. Ambulera inagwa.

Sanakuwe. Anangogwira m'mphepete mwa tebulo, maso osachoka pachithunzi. M'pamene ndinazindikira kuti kumene anaimako chithunzicho sichinali chozondoka. Ndinazungulira tebulo n'kukaima pambali pake.

Chozungulira chija chinali tsaya. Anali iye, ali m'tulo, dzanja lili pansi pa chibwano monga ankagonera ali khanda. Katani inali imene mayi ake anasoka. Pakona, mosaoneka bwino, panali wailesi ija, ndipo pamwamba pake chithunzi cha mayi ake chimene ndinajambula ndekha.

"Ababa," ananong'ona, "chitseko ndimachikiya."

Mayi wa maluwa uja anathamangira pawindo, wina anatulutsa foni kuti aimbire apolisi. Mumsewu munali maambulera okhaokha, onse akuda, onse ofanana.

Ine maso anakanirira pachithunzi. Sichinajambulidwe kuchokera pamwamba. Diso la kamera linali lolingana ndendende ndi maso otseka a mwana wanga, ndipo m'mphepete mwa matiresi, pafupi ndi nkhope yake, panali kadzenje pamene munthu wogwada anatsamira chigongono.