Kasipika ka Kukhutu

Foni ya Maness inali itafa kasipika ka kukhutu, moti munthu akamuimbira, mawu ankatulukira kumbuyo mokuwa, aliyense n'kumamva. Chaka chimenecho ku Durban alendo ochokera m'mayiko ena ankasakidwa, ndipo Chichewa sichinkalankhulidwa mu takisi ya ku Pinetown. Choncho amayi ake ataimba kuchokera ku Balaka iye ali m'takisimo n'kuyamba kuti, "Mwanawe, ndiwe?" mitu yonse inatembenuka, Maness n'kudula foni. Anaimbanso, iye anadulanso. Lachisanu lake amene anaimba anali mlongo wake, kunena kuti amayi atisiya.

Maliro atapita iye kulibe, Maness anatengera foniyo kwa Anock, Mmalawi wokonza mafoni pa msika wa Warwick. Anock anaitsegula, anapala dzimbiri ndi mswachi, n'kuikamo kasipika kochokera m'foni ina yakufa.

"Ndi thukuta chabe linalowa, achemwali," ananong'ona m'Chichewa. "Eish, mukanangobwera nayo kale. Taimbirani munthu tione."

Maness anaika foni kukhutu osadina kalikonse. Anaima choncho, anthu a ngolo akumukankha uku ndi uku.

"Ikumveka?" anafunsa Anock.

"Ili bwino," anayankha Maness. "Palibenso amene angamve."