Dziwe Limene Ndinakana Kuphwetsa

Nditabwerera kwathu patapita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndinapeza zinthu zonse zitafupika. Msewu umene tinkathamangamo mpaka kupuma mwawefuwefu unali kanjira ka mphindi ziwiri. Pamene panali mtengo wa mapeyala panali kanyumba kotchajira mafoni. M'chipinda changa alamu ankasungiramo matayala akutha. Chokhacho chimene chinandidikira chinali dziwe la malemu bambo kuseri kwa nyumba, koma nalonso linali litaweruzidwa kale.

Achemwali anga, amene anatsala ndi nyumba ndi makiyi ake onse, ankafuna kulikwirira. Amuna awo anali atayeza kale malowo ndi mapazi: zipinda zinayi za lendi.

"Iwe Sutikesi, m'menemo timakolola udzudzu basi," anatero achemwali. "Iwe unkalikumbukira uli kutali, ife tikulumidwa."

Sutikesi ndi dzina limene anandipatsa tsiku lofika, ataona kuti m'masutikesi anga onse atatu munali mabuku okhaokha, popanda ngakhale kansalu kamodzi ka iwo.

Ndinawakumbutsa kuti dziwelo bambo analikumba okha ndi khasu, ndipo Loweruka lililonse ankatikhazika m'mphepete mwake, aliyense ndi mbedza yake. Anati akukumbukira bwino kuposa ine, poti iwo ndiwo ankapala mamba. Tinakangana mpaka tiyi anazizira, kenako tinapangana: andipatsa miyezi isanu ndi umodzi. Ana akatsekera sukulu, banja lonse lidzabwera kudzawedza. Nsomba zikadzadzaza beseni, dziwe likhala. Zikadzapanda kutero, ibwera lole ya dothi.

Ndinaitana mlangizi wa za nsomba. Anabwera pa njinga yamoto, nazungulira dziwe kamodzi, nabaya pansi ndi ndodo.

"Choyamba, bambo, phwetsani madzi onsewa. Pansi paume mpaka pang'ambike, muwazepo laimu. Tikatero ndiye tikambe za mbewu ya nsomba."

"Madzi awa sindingataye."

"Chifukwa?"

"Ndi madzi a bambo anga."

Anandiyang'ana, nayang'ana madziwo. "Pepani, anatisiya liti?"

"Zaka khumi ndi zinayi zapitazo."

"Ndiye mvula yagwa kangati chichokereni iwo?"

Sindinamuuze kuti maliro a bambo ndinawamvera pa foni nditaimirira pa siteshoni ya sitima, ndi kuti pa zonse zimene anagwirapo ndi manja, ichi chokha ndicho chinali chisanagulitsidwe kapena kupakidwa penti. Ndinangomuuza kuti ndawerenga mabuku atatu a ulimi wa nsomba, limodzi la m'chilankhulo chimene iye sangathe n'kuchitchula dzina lomwe. Anati mabukuwo ndi abwino ndithu, vuto n'lakuti nsomba sizinawawerenge. Anakwera njinga yake n'kumapita.

Zina zonse ndinachita mwadongosolo. Tiana ta nsomba mazana asanu tinabwera m'majumbo opoperedwa mpweya. Ndinayandamitsa majumbowo pamadzi kwa theka la ola kuti tizolowere kuzizira kwake, kenako ndinamasula pang'onopang'ono. Thumba la manyowa a nkhuku ndinalimiza pakona kuti madzi abiriwire. Madeya ndinkawaza kawiri pa tsiku, malo amodzimodzi, nthawi imodzimodzi. Sabata yoyamba madzi ankachita kuwira ndikangowaza. Sabata yachitatu ankangothwanima mwa apo ndi apo. Mwezi wachiwiri usanathe, madeya ankangoyandama ngati pempho losayankhidwa.

Ndinaganizira akakowa, ndipo ndinamanga zingwe pamwamba pa dziwe lonse. Ndinaganizira ng'azi, ndipo ndinazunguliza waya. Ndinaganiziranso a telala oyandikana nafe, moti ndinapita kukasoketsa batani lomwe silinaduke kuti ndinunkhize za kukhitchini kwawo. Kunkanunkha kabichi.

"Mwina nsomba zanu nazo zapita kunja, mlamu," anatero alamu tsiku lina atandipeza ndikusuzumira m'madzi. "Musadandaule. Zikatha zaka makumi awiri zidzabwera ndi mabuku."

Buku lachiwiri, tsamba la makumi asanu ndi limodzi, linkanena kuti nsomba zokhuta zimakonda kukhala pansi. Ndinakhulupirira tsamba limenelo monga munthu womira amakhulupirira udzu.

Tsiku lija linafika. Ana a achemwali ndi adzukulu awo anandanda m'mphepete, mbedza khumi ndi imodzi. Achemwali anabweretsa beseni lalikulu kuposa onse, lija losambitsira makanda, nakhala pampando pambali pake akutumbula nkhuku. Anati akuyamba aphika ndiwo zodalirika.

Patapita maola awiri, m'beseni munali chule mmodzi ndi patapata wa kumanzere.

"Malume, kodi nsomba zake n'zamanyazi?" anafunsa mwana wawo wamkulu, namwino, amene anachita kusinthana ndi mnzake tsiku la ntchito kuti abwere.

Alamu anatulutsa foni, nayamba kulankhula ndi mwini lole mokweza kuti ndimve. Apo achemwali ananyamuka akupukuta manja.

"Tabweretsa kuno. Iwe nsomba sizikudziwa, ndiwe mlendo. Lingakwiriridwe osaponyamo ine komaliza."

Anandilanda nsungwi yowedzera ya bambo, ya chingwe chokhuthala. Anachotsa nyongolotsi yanga, nakoleka thumbo la nkhuku, nalavulirapo kamodzi monga ankachitira bambo, naponya pakona ya paipi yotulutsira madzi. Sanathe n'kukhala pansi komwe. Nsungwi inapindika ngati uta.

"Mayo ine! Abambo ake, tandigwirani!"

Alamu anawagwira ndi dzanja limodzi, lina likadali ndi foni kukhutu. Madzi anagawikana, ndipo munatuluka mutu wophwatalala ngati fosholo, wandevu zakezo. Unali mlamba, wotalika ngati mwendo wa munthu wamkulu, wonona mochititsa manyazi.

"Ndi uja!" anakuwa achemwali. "Ndi Bwanamkubwa! Bambo anauikamo kuti uzidya tiana tikachuluka. Ndimayesa unafa kalekale!"

Ndinauyang'ana m'maso, nawonso unandiyang'ana. Mazana asanu anga onse anali pamenepo, m'thupi limodzi. Miyezi isanu ndi umodzi ndinali woperekera zakudya kwa mkulu ameneyu, ndipo ndinamutchingiranso akakowa ndi ng'azi kuti asamusokoneze pakudya.

Mlambawo unagwedeza mutu kamodzi. Phazi la achemwali linaterera, ndipo anakhala pansi m'matope mpaka m'chiuno. Chingwe chinaduka. Wigi yawo inagwera m'madzi n'kuyamba ulendo wopita pakati pa dziwe. Adzukulu anayesa kudziletsa, koma mmodzi ataphulika onse anagubuduka.

Ine ndi alamu tinawazula achemwali m'matopemo. Alamu anatsokomola pang'ono.

"Ndiye lole ibwere Lolemba, eti mayi?"

"Lole yanji?"

"Paja beseni silinadzaze."

"Chinthu chandigwetsa pamaso pa adzukulu anga, inu mukufuna muchiike m'manda mwaulemu? Ayi. Chimenechi chidzafera m'manja mwanga. Muuzeni dothi lakelo adye."

Sabata yotsatira mlangizi anabweranso. Sanandiseke, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka. Anati tiphwetse dziwe tsopano, mlambawo tingoutola ndi manja m'matope, tiyambirenso bwinobwino. Ine ndinavomera msanga. Amene anakana ndi achemwali. Anati wawo ndi mlandu wa mbedza, ndipo udzatha ndi mbedza.

Choncho zipinda za lendi kulibe, nsomba zanganso kulibe. Loweruka lililonse achemwali amakhala pakona ya paipi ndi chingwe chatsopano, ine pambali pawo ndi mbale ya matumbo. Poti maso awo amakhala pamadzi osati pa ine, ayamba kundiuza za zaka zomaliza za bambo: zimene ankadya, amene ankakangana nawo, ndi kangati anafunsa ngati kwabwera kalata.

Dzulo anadula nkhani pakati.

"Iwe Sutikesi, kaitanitse tiana tina mazana asanu."

"Kuti mlamba uja udyenso?"

"Nanga ukufuna ndidzaugwire utawonda? Anthu adzati chinandigwetsa n'chiyani?"