Voti Yomata ya Lemuel Pruitt

Lemuel Pruitt, wosoka nsapato wa m'tauni yathu ya m'mphepete mwa mtsinje wa Ohio, ankafuna zinthu ziwiri m'chaka cha 1860: kukwatira Philena Sturgis, ndi kuvotera chipani chokana kuti ukapolo ufalikire. Tsidya lija, ku Kentucky, anaonapo mayi akukwezedwa m'sitima ali muunyolo, mwana wake atagulidwa ndi munthu wina. Chiyambire tsikulo mtima sunakhalenso m'malo.

Vuto linali bambo ake a Philena, a Obadiah Sturgis, mimba ngati mgolo, ogawa matikiti a chipani chinacho. Paja chipani chilichonse chinkasindikiza tikiti yake yovotera pulezidenti. Ya a Sturgis inali yabuluu kumsana, ya Lemuel yoyera, ndipo poipereka pawindo lolandirira mavoti tauni yonse inkaona mtundu wake.

"Ndikangoona yoyera m'manja mwako, iwe wazigamba, ukakwatire nsapato zakozo," anatero a Sturgis.

Nzeru anabwera nayo Philena. "Umate yoyera pamaso pa yabuluu, msana uziwoneka wa bambo. Powerenga mavoti adzaona mayina a chipani chako. Kaphala ka ufa pang'ono chabe, wamva?"

Koma mmisiri weniweni n'kukhulupirira phala? Lemuel anatenga guluu wake womatira zidendene za nsapato, n'kupaka mowolowa manja.

Tsiku lachisankho kunali ng'oma, malipenga ndi wisiki waulere. Ngakhale agalu ankaoneka kuti ali ndi chipani. Lemuel anadutsa m'chikhamumo tikiti ali nayo m'mwamba, buluu kunja, a Sturgis akugwedezera mutu mokondwa. Atafika pawindo, anatambasula dzanja kwa kalaliki.

Tikiti osachoka pachala.

Anakutumula. Anauzira. Anavina nayo.

"Isiyeni, achimwene, si mkazi wanu ameneyo!" anakuwa wina kumbuyo.

Kalaliki anakoka mwamphamvu. Yoyera inamatuka, mbee, pamaso pa onse, iye n'kuiponya m'bokosi. Yabuluu inatsala pachala, chikhatho chonse chili guluu yekhayekha.

"Kambuzi iwe!" A Sturgis analumpha n'kumugwira dzanja lomwelo kuti amukokere pabwalo. Basi, gwa! Anakoka uku, anakoka uko, manja osalekana.

"Agwirana chanza!" chikhamu chinafuula. "Ukwati ulipo!" Wa lipenga anayamba nyimbo yaukwati, zipewa zili m'mwamba.

Philena anatulukira ndi ketulo ya madzi ofunda, akuyenda ngati alibe changu.

"Thira msanga, mwanawe!" anakuwa a Sturgis.

"Ukwati tsiku liti, bambo?"

"Sindingapereke mwana wanga kwa chitsiru chomata ichi!"

"Ndiye muzikhala naye inuyo. Amati amaliza mkonono kwambiri."

A Sturgis anayang'ana dzanja, anayang'ana ketulo, thukuta lili kamukamu.

"Loweruka," anatero chapansipansi.

"Sitinamve, akulu!" chikhamu chinatero.

"Loweruka!"

Philena anathira madzi pang'onopang'ono. Lemuel, mano onse ali pamtunda, anati, "Musadandaule, apongozi. Mwaona nokha kuti ntchito yanga simatuka msanga."