Mizere ya Kuseri kwa Kabati

Anzake a ntchito ankamutchula Makwerero, chifukwa denga lomwe ena ankalifikira atakwera pa ndowa, iye ankalipenta ataima pansi. Anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, mkazi ndi ana awiri, ndipo nyumba za anthu anazilowa zambiri moti sankaziwerenganso. Za kwawo ankadziwa zomwe anauzidwa basi: amayi ake anamwalira iye asanayambe sukulu, ndipo analeredwa ndi bambo ake ndi azakhali m'tauni ina kutali. Bambowo nawonso anali atamwalira zaka zisanu zapitazo.

Lolemba lina anaitanidwa ndi mphunzitsi wina wamkazi kuti akapente nyumba ya amayi ake. Inali nyumba yakale ya zipinda zitatu, kumapeto kwa msewu wafumbi, ya mazenera ang'onoang'ono achitsulo. M'katimo munali mdima ngakhale dzuwa linali litakwera kale. Makwerero analowa ndi zitini ziwiri za penti, nkuziika pansi, dzanja lake nkupita lokha kuseri kwa chitseko, m'munsi, pomwe munthu sangaganizire kuti pali swichi. Nyali inayaka.

Polowa m'kanjira kopita kuzipinda, phazi lake linatsika lokha sitepe yomwe sinkaoneka.

"Aliyense amapunthwa pamenepo," anatero mphunzitsiyo. "Munagwirako kale ntchito muno, amisiri?"

"Ayi, aphunzitsi. Dera lino nkoyamba kufika."

"Ndiye muli ndi maso kuphazi."

Anaseka onse awiri, koma Makwerero anacheuka nkuyang'ananso sitepe ija.

Pabalaza, pafupi ndi zenera, panali mayi wokalamba atakhala pa mpando wa nsalu, dzanja limodzi litapindika pamiyendo. Fumbi la m'nyumbamo linamukereketa Makwerero pakhosi ndipo anatsokomola kawiri. Mayiwo anatembenuka pang'onopang'ono nkumuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu.

"Abwera liti?" anafunsa mwana wawo.

"Ndani, amayi?"

"Bambo ako. Auze kuti muno mulibe chawo."

Mphunzitsiyo anamukokera mmisiriyo kukhitchini nkupepesa. Anati chiwagwereni sitiroko chaka chatha, mutu wa amayi umabwera nkuchoka. Bambo omwe akuwanenawo anathawa banja kalekale, iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo sanamvekenso.

Masiku awiri oyamba anapala makoma a pabalaza, kumata ming'alu, nkupaka penti yoyamba. Mayi aja sankalankhula naye. Akatembenuka ndi burashi m'manja, ankawapeza akumuyang'ana osaphethira, ngati munthu amene akulondera mbava. Tiyi akabwera, iwo sankamwa mpaka iye atatulukira pakhonde.

Lachitatu masana analowa m'chipinda chakumbuyo. Munali bedi lopanda matiresi ndi kabati yaikulu ya zovala yomwe mphunzitsi anati sinasunthidwepo chibwerereni iye ku koleji. Anaikankha ndi phewa. Kuseri kwake penti inali ina, yobiriwira ngati ya m'chipatala, ndipo m'mbali mwa felemu ya zenera munali mizere ya pensulo, wina pamwamba pa unzake, monga amachitira makolo poyeza msinkhu wa mwana.

Anagwada kuti aione bwino asanaipale. Mzere uliwonse unali ndi deti, tsiku lomwelomwelo chaka ndi chaka. Linali tsiku lake lobadwa. Pambali pa mzere wapansi penipeni panalembedwa mawu amodzi: Kanyerere.

Dzinalo analimvapo kwa munthu mmodzi yekha. Bambo ake ankamuitana choncho akaledzera, ndiponso sabata yawo yomaliza kuchipatala, pomwe ankamugwira dzanja nkumati, "Kanyerere, usandide." Iye ankaganiza kuti ndi malungo chabe.

Mizere inayi yoyamba inalembedwa ndi dzanja lolimba, la zilembo zopendekera kumanzere, dzanja lomwe linkasaina malipoti ake a kusukulu. Kuyambira wachisanu zilembo zinasintha, zinali zozungulira, zachikazi. Mizereyo inapitirira kukwera khoma, wina ndi wina, mpaka khumi ndi isanu ndi itatu. Makwerero anaimirira. Sanafune kuchita zomwe anachitazo, koma anatsamira khoma ndi msana, nkuika chikhatho pamutu, nkutembenuka. Chala chake chinali pa mzere wotsiriza.

Mphunzitsi atabwera kuchokera kuntchito anamupeza atakhala pa chitini cha penti, khoma lisanakhudzidwe.

"Pamenepo musapente," anatero msanga. "Ndinaiwala kukuuzani. Ndi za mchimwene wanga."

"Ali kuti?"

"Anamwalira ali ndi zaka zinayi."

"Nanga mizere yapamwambayi?"

Mphunzitsiyo anakhala pa bedi lopanda matiresi lija. Anafotokoza kuti mwanayo anadwala, bambo ndi mlongo wawo nkumutengera kuchipatala chachikulu kutauni ina. Patatha sabata anabwerako awiri okha. Anati mwana watisiya, matenda ake ndi opatsirana, achipatala alamula kuti aikidwe konko tsiku lomwelo. Patangotha miyezi itatu bambo anatenga sutikesi nkuchoka.

"Kuyambira pamenepo, tsiku lake lobadwa likafika, amayi ankalowa muno ndi pensulo. Ankaima apa, nkuika dzanja m'malere ngati pali mutu wa munthu, nkulemba. Zaka zomaliza ankakwera pa mpando. Ine ndinkasuzumira pachitseko, ndinkaopa kulowa. Atafika apo anati wakula, nkuuza anthu kuti atsekepo ndi kabati."

"Manda ake anawaonako?"

"Azakhali anawatengerako kamodzi, kenako ankapita okha pa basi chaka chilichonse. Ine ndapitako kawiri. Ali kuseri kwa chipatalacho, mzere wakumpanda, pafupi ndi thanki yamadzi. Palibe mwala, kachitsulo chabe ka nambala. Chodabwitsa nchakuti nthawi zonse ankapeza polimidwa kale udzu. Amayi ankati ndi bambo, chikumbumtima chikuwadya."

Makwerero anadzutsa mutu. Manda amenewo ankawadziwa. Bambo ake anamuonetsa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi nkumuuza kuti amayi ako agona apa. Chaka ndi chaka ankapitako ndi khasu, ndipo nthawi zina ankapeza maluwa ofota m'botolo, nkumaganiza kuti ndi achibale a amayi ake omwe sanawadziwe.

Anatchula nambala ya pakachitsulo kaja. Mphunzitsiyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana manja ake, makutu ake, ndi mmene anapindira mwendo. Kenako anaimirira nkukatsamira chitseko.

"Tulukani kaye," anatero motsitsa mawu. "Chonde, tulukani."

M'mawa mwake Makwerero sanapite kuntchito. Anakwera basi yoyamba kupita kwa azakhali, ndipo anafika dzuwa lili paliwombo. Anawapeza pakhonde akusoka batani la malaya, magalasi ali kumapeto kwa mphuno.

"Mwana wanga, bwanji osaimba foni? Wandipeza ngati wokhometsa msonkho."

Iye sanakhale pansi. "Azakhali, m'manda aja muli ndani?"

Singano inaima. Azakhali sanafunse kuti manda ati. Anavula magalasi, nkuwapukuta ndi malaya omwewo, nkuwavalanso.

"Sindikudziwa," anatero. "Tinangosankha opanda dzina."

Anafotokoza osamuyang'ana, mawu ali phee ngati akuwerenga za anthu ena. Bambo ake anali atapeza mkazi wina kutauniko, mkazi wosabereka, yemwe anati adzakwatiwa pokhapokha m'nyumba mukhale mwana. Amayi ake sakanalola kupereka mwana wawo. Ndiye matenda aja atabwera, bambo anaona mpata. Mwana anachira m'masiku atatu, anamusiya kwa mkazi uja, iwo nkubwerera kukalira maliro.

"Ndipo inu munalira nawo?"

"Ndinalira. Ndinawagwira amayi ako mapewa akudzigwetsa pansi." Anaika singano pambali. "Anali mchimwene wanga, ndikanatani? Ndinkati pakatha mwezi aulula. Mwezi unasanduka chaka. Mkazi uja anathawa iwe usanakwanitse zaka zisanu ndi chimodzi, nkukusiya ndi nsabwe m'mutu, ine nkukutenga. Pamenepo ndikanapita kukanena kuti chiyani? Kuti mwana amene munamulira uja ali kwathu akusewera mpira?"

"Ndinkakufunsani kuti amayi anali otani. Munkati anali ofatsa, ankakonda kuimba."

"Pamenepo sindinaname."

"Munkandinyamulira madzi ndikamalima pamanda paja."

Azakhali anatola singano yawo koma sanasoke. "Ndinakulera bwino, sichoncho? Unasowa chiyani?"

Makwerero anatsika masitepe a khonde. Anamva akumuitana mpaka pageti, koyamba ndi dzina lake, kenako ndi dzina lija la pakhoma, lomwe anali asanalitchulepo n'kamodzi komwe pamaso pake.

Kunyumba, mkazi wake anamvetsera nkhani yonse atagwira chibwano. Pomaliza anati, "Ndiye ana athu ali ndi agogo. Nanga ukudikira chiyani?"

Loweruka mphunzitsi anaimba foni yekha. Anati sanagone masiku atatu, ndipo wapeza chithunzi cha bambo ali mnyamata, moti palibe chofunsanso. Anagwirizana zowauza amayi m'mawa, nthawi yomwe mutu wawo umakhala bwino.

Anawapeza pa mpando wawo pafupi ndi zenera, pabalaza pakununkha penti yatsopano. Mphunzitsiyo anagwada pambali pawo nkuyamba pang'onopang'ono. Anati bambo ananama. Anati mwana uja sanamwalire, anakula, anakwatira, ndipo ndi uyu waima apa. Makwerero anagwadanso kuti nkhope yake ifanane ndi yawo.

"Amayi," anatero. Mawuwo anamulemera m'kamwa, anali asanawagwiritsepo ntchito chotero.

Mayiwo anamuyang'ana ndi maso owala bwino, opanda chisokonezo chilichonse.

"Mwana wanga ndimadziwa komwe ali," anatero. "Ndakhala ndikupitako zaka makumi atatu ndi mphambu. Ndimalankhula naye, ndipo amandiyankha."

"Amayi, m'mandamo muli munthu wina," anatero mphunzitsi.

"Ndiye amandiyankhayo ndani?"

Kunja galimoto inadutsa, mazenera nkunjenjemera.

Mayiwo anatembenukira kwa Makwerero. "Inu munandilanda mmodzi. Lero mwabwera ndi nkhope yomweyo kudzandilanda ndi manda omwe. Chokani m'nyumba mwanga."

Anayamba kunjenjemera thupi lonse, mpweya nkumabanika, moti mwana wawo anathamangira mankhwala. Adokotala atabwera madzulo ananena kuti nkhani imeneyo isatchulidwenso, mtima wawo sungapirire kachiwiri. Choncho anthu awiri omwe anaphwanyidwa ndi bodza anakhala pakhonde nkugwirizana bodza lina: iye adzakhala mmisiri basi, wobwera kudzakonza zowonongeka.

Anamaliza kupenta nyumba yonse kupatula chipinda chakumbuyo. Pambuyo pake ankabwera Lamlungu lililonse ndi chikwama cha zida. Anakonza mpopi womwe sunkadontha, anasintha maloko abwinobwino, anapenta geti katatu chaka chimodzi. Atameta ndevu nkuyamba kuvala chipewa, mayi aja anasiya kumuona ngati mwamuna wawo. Ankamupatsa moni mwaulemu nkumufunsa za ana ake. Masiku ena ankamuuza za mwana wawo, kuti ankaopa nkhuku, kuti ankagona atagwira khutu la mlongo wake, kuti akanakhala moyo bwenzi ali dokotala. Iye ankangoti, "Zoona, amayi," akupukuta sipanala yoyera kale.

Kwa azakhali sanapitekonso. Ankaimba foni, iye nkuyang'ana nambalayo mpaka itasiya kulira. Azakhaliwo atadwala, mkazi wake ndiye anapita yekha kukawaona, ndipo atabwerako anati akungofunsa ngati wakhululuka. Iye anati sakudziwa, ndipo ankanena zoona.

Ndi mphunzitsi uja zinthu sizinayende msanga. Mphunzitsiyo ankati akafuna kumuitana, pakamwa pankatuluka "amisiri", kenako nkuchita manyazi. Tsiku lina akutsuka makapu kukhitchini anamuuza mosabisa kuti nthawi zina amamuda. Anati ubwana wake wonse unathera m'nyumba ya maliro, amayi akuyang'ana khoma m'malo moyang'ana iye amene anali moyo, pomwe womulirayo anali kwina akudya ndi kukula.

"Ndikudziwa kuti si iwe unalakwa," anatero. "Koma olakwawo mmodzi anafa, wina ndi nkhalamba. Watsala ndiwe."

"Ndideni, achemwali," anayankha iye. "Bola muzinditsegulira geti."

Amayi anamwalira chaka chachiwiri, nyengo yozizira, m'mawa wa Lachinayi. Makwerero anali pomwepo chifukwa anabwera kudzatseka mpata wa pazenera womwe unkalowetsa mphepo. Mphunzitsi anamuitana kuti adzathandize kuwatembenuza. Atawanyamula, dzanja lawo lamoyo lija linakwera nkumugwira kumaso, nkupapasa chipumi, mphuno ndi chibwano, pang'onopang'ono ngati munthu wofuna chinthu m'thumba. Milomo yawo inagwedezeka. Onse awiri anawerama kuti amve.

"Manja anu ngozizira, amisiri," anatero. "Muuzeni mwanayu akupatseni tiyi."

Pamaliro anthu a mumsewuwo ankanong'onezana, kufunsana kuti wamtali uyo akulira chonchi ndi ndani. Mayi wina woyandikana nawo anafunsa mphunzitsi maso ndi maso. Iye anatsegula pakamwa, nkuyang'ana mchimwene wake, nkuona kuti nkhaniyo ndi yaitali kwambiri kuti ainene ataimirira pakati pa anthu. Anamugwira dzanja nkupita naye kutsogolo, pa benchi ya achibale, ndipo anakhala pamenepo awiriwiri mpaka mwambo unatha.