Makina Achitatu a Bungwe

Jonas Mhone anatsika lole pa Chintheche m'chilimwe cha 1952 ali chimanjamanja. Miyezi isanu m'mbuyomo ananyamukira pamalo omwewo kupita ku Bulawayo atasenza makina osokera, anthu a ku Kande akumuperekeza ngati mkwati. Tsopano anabwera ndi bulangete lokha, nalonso long'ambika.

Mkazi wake, Hilda, sanalire. Anapsa mtima, ndipo ndani angamunene? Makinawo anali thukuta lake. Zaka zinayi anasenza mpunga kuchokera ku Limphasa ndi kuyanika usipa mpaka zala kung'ambika, kuti mwamuna wake, amene anaphunzira utelala ku mishoni, akhale ndi chida chakechake.

"Makina ali kuti?" anafunsa Hilda atangofika kunyumba.

"Anatenga apolisi," anayankha Jonas akuyang'ana pansi. "Ndinkasokera m'mbali mwa msewu ndilibe chiphaso cha malonda. Ananditsekera masiku khumi, kenako anandikweza sitima."

"Mzinda wonsewo munalibe munthu wokuuzani za chiphaso?"

"Asibweni anandiuza kuti ndisakafunse munthu."

Asibweniwo anali a Zakeyo, malume ake a Jonas, telala wotchuka amene ankasokera pakhonde la sitolo pa Chintheche. Anali munthu wovala suti ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo pakamwa pawo sipankachoka mawu akuti "ine ndekha". Jonas asananyamuke, a Zakeyo anamukhazika pansi n'kumuuza kuti: "Ine ku Bulawayo ndinayamba ndekha ndi manja awiriwa. Mwana wa kunyanja sapempha thandizo. Ukakaona anthu akwathu akusonkhana, ukawazembe, ndi ansanje okhaokha." Jonas anameza malangizowo osatafuna.

Patapita masiku atatu, kunyumba kwa Jonas kunafika a Amon Manda. Anali atangobwerera kumudzi atakhala ku Bulawayo zaka makumi awiri ndi zisanu, maso atayamba kuchita chidima.

"Timuwoneni, ada," anawalonjera Hilda powapatsa mpando.

"Yewu, ama. Ndamva tsoka lanu." Anatembenukira kwa Jonas. "Koma iwe, bwanji sunabwere ku bungwe?"

"Bungwe lanji, ada?"

A Amon anagwira pakamwa. Kenako anafotokoza bwinobwino, poti iwo ndi amene anali mlembi wake. Anthu a kunyanja okhala ku Bulawayo anali ndi bungwe lolandira aliyense wofuna kuyamba ntchito ya manja ake. Ankamupatsa pogona mwezi woyamba. Ankamuperekeza ku ofesi kukatenga chiphaso, kumupezera khonde losokerapo, ndi kumuphunzitsa mitengo ya m'tauni kuti asamapusitsidwe. Wopanda chida ankamubwereka: bungwelo linali ndi makina osokera atatu, ndipo munthu ankasokera chaka chimodzi n'kubweza kuti alandire wina.

"Ukanangofunsa m'tchalitchi Lamulungu loyamba, akanakulondolera," anatero a Amon. "Anakuletsa ndani?"

Jonas atatchula dzina la malume ake, a Amon anapukusa mutu.

"Zakeyo tinamulandira ife mu 1940, alibe ngakhale singano. Tinamupatsa makina achitatu. Chaka chitatha anasowa nawo, ife n'kumaganiza kuti analowera ku Joni. Kuyambira pamenepo takhala ndi awiri okha. Anyamata ankadikira mpaka kutopa. Ndimakumbukira mmodzi, Mizeck Longwe, wa dzanja labwino zedi. Anadikira miyezi isanu ndi inayi, kenako anapita ku migodi. Sitinamvenso za iye."

Hilda anamva ngati wina wamuthira madzi otentha kumsana. Mizeck anali mlongo wake. Mayi awo anamwalira akuyang'anabe kumsewu, akufunsa wapaulendo aliyense ngati anamuona.

"Makinawo mungawadziwe bwanji?" anafunsa Hilda.

"Kunsi kwa thabwa lake tinatenthapo ndi msomali chithunzi cha nsomba ndi mizere itatu."

M'mawa mwake Hilda sanapite kukavuula chinangwa. Anayenda wapansi kuchokera ku Kande mpaka pa Chintheche, Jonas ndi a Amon akumutsatira m'mbuyo osamupeza. Anafika pakhonde paja anthu ali mbwee, a Zakeyo akuyeza mphunzitsi wina jekete kwinaku akusimba za Bulawayo monga mwa masiku onse.

"Ada, imirirani," anatero Hilda.

"Mwana iwe, moni unamusiya kuti?"

"Ndati imirirani. Ndikufuna kuona manja awiri aja munayamba nawo nokha."

A Zakeyo asanayankhe, Hilda anagwira makinawo n'kuwapendeketsa. Ulusi ndi mabatani zinamwazikira pansi. Anthu anawerama kusuzumira. Nsomba inalipo, yakuda bii, ndi mizere itatu pambali pake. A Amon anafika ali wefuwefu, anapapasa chizindikirocho ndi chala, n'kugwedeza mutu.

"Ndinatentha ndine," anatero. "Zakeyo, wandiiwala?"

A Zakeyo anavula chipewa. "Ndinkafuna kubweza," anayamba motero, "koma mavuto..."

"Mavuto!" anakuwa Hilda. "Zaka khumi ndi chimodzi mwakhalira makina a anthu. Chaka chilichonse munthu mmodzi, ndiye kuti anthu khumi ndi mmodzi mwawatsekera njira, mmodzi mwa iwo mlongo wanga Mizeck. Ndipo mwana wa mlongo wanu weniweni munamuletsa kupita ku bungwe poopa kuti akakutchulani. Munalolera kuti agone m'chitokosi kusiyana n'kuti anthu adziwe kuti nanunso munathandizidwa. Zoona, ada?"

Palibe amene anamuletsa. Mphunzitsi uja anavula jekete la theka lija n'kuliika pansi mwakachetechete.

"Mukanditengera makinawa ndidya chiyani?" anafunsa a Zakeyo ndi mawu aang'ono.

Hilda anali ndi yankho lowawa pakamwa, koma a Amon anamutsogolera. "Zaka zonsezi wasokera, makina akoako ungagule. Awa si ako, si anga, si a Jonas. Abwerera kwawo. Kuthandizidwa si manyazi, Zakeyo. Manyazi ndi kubisa khomo limene unalowera."

Pompo a Amon anauza mphunzitsi uja mawu, iye n'kulemba kalata yopita kwa mlembi watsopano wa bungwe. Inanena kuti makina achitatu apezeka, ndi kupempha kuti amene wawabweretsa akhale woyamba kusokera, atamutengera chiphaso kaye.

Sabata yotsatira Jonas anakweranso lole, makina atakulungidwa m'bulangete long'ambika lija. Ulendo uno panalibe gulu loperekeza. Panali Hilda yekha, ndipo mkwiyo wake unali usanazizire.

"Mukakafika, phazi loyamba ku bungwe," anatero. "Mukafunsenso za Mizeck, mwina alipo amene anamuona."

"Ndamva."

"Ndipo chaka chikakatha mukabweze. Mukadzatsika nawo pano, ndidzawapendeketsa ine ndemwe, pamaso pa anthu."

Phunziro: Wofuna kuyamba malonda m'mzinda waukulu afunse kaye kumene kuli mabungwe othandiza oyamba kumene, ndipo achenjere ndi munthu wodzitama kuti anayamba yekha. Nawenso ukathandizidwa, bweza chida ndipo ulondolere mnzako, chifukwa pali wina amene akudikira.